Kupempha Malo a Mlendo Wamaphunziro ku Yunivesite ya Kunja

Mau oyamba

Pakati pa aphunzitsi a m'makoleji a zauphunzitsi pali ambiri amene amalakalaka kukakhala miyezi ingapo ku yunivesite ya dziko lina, kuti akaone m'mene anzathu akumeneko amasulira aphunzitsi ndi kuwerenga mabuku amene kuno sapezeka. Chilakolako chimenechi n'chabwino, pakuti koleji imene aphunzitsi ake sayenda imaima pamodzimodzi ngati madzi a m'thamanda. Komabe makalata ambiri opempha mwayi umenewu amapita osayankhidwa. Tikawerenga makalata otere timapeza kuti wolembayo adapempha chinthu chimene sadachimvetse bwino, ndiponso adachipempha kwa munthu amene alibe nacho mphamvu.

M'nkhani ino tifotokoza njira yonse, kuyambira pa ganizo loyamba mpaka tsiku lobwerera m'kalasi. Chitsanzo chathu tachitenga ku Scotland, chifukwa maphunziro a kuno ndi a kumeneko adalukana kalekale. Mishoni ya Livingstonia idafika m'dziko muno mu 1875 ndipo ya Blantyre mu 1876. Sukulu ya Overtoun ku Khondowe, imene Dr Robert Laws adaiyambitsa mu 1894, idali pakati pa malo oyamba osulira aphunzitsi kuno. Mu 2005 maboma a Malawi ndi Scotland adasainirana pangano la mgwirizano, ndipo maphunziro adali mbali imodzi ya panganolo. Kumapeto kwa nkhaniyi tapereka njira yogwiritsira ntchito zimenezi pophunzitsa ophunzira athu kalembedwe ka kalata ya ntchito.

Kodi mlendo wamaphunziro ndani?

Munthu amene pa Chingerezi amamutcha visiting scholar, ife m'nkhani ino timutcha mlendo wamaphunziro. Iyeyu ndi mphunzitsi kapena wofufuza amene ali kale pa ntchito kwawo, ndipo yunivesite ina yamulola kudzakhala nayo kwa kanthawi, kuyambira masabata ochepa mpaka chaka chimodzi, kuti achite kafukufuku wake. Kawirikawiri amapatsidwa chiphaso cholowera m'laibulale, mwayi wowerenga mabuku ndi magazini a pa intaneti amene yunivesiteyo imalipira, ufulu wokhala nawo pa misonkhano ya dipatimenti, ndipo nthawi zina desiki yogwirirapo ntchito. Pamalopo pamakhala mphunzitsi mmodzi amene wavomera kumuyang'anira, ndipo ameneyu timutcha wolandira.

Tisanalembe kalata tiyenera kudziwanso zimene mlendoyu salandira. Salemba mayeso, choncho sabwerako ndi digiri kapena dipuloma. Amene akufuna digiri afunsire malo a wophunzira, ndipo njira yake ndi ina. Salandira malipiro, pakuti si wantchito wa yunivesiteyo. Ulendo, nyumba ndi chakudya amadzionera yekha, ndipo mayunivesite ambiri a ku Britain amafunanso kuti alipire ndalama ya malo imene amaitcha bench fee, ngakhale nthawi zina dipatimenti imatha kuichepetsa kapena kuichotsa wolandira akapempha.

Tinenenso poyera za maphunziro athu. Mayunivesite ambiri amasungira dzina limeneli anthu amene ali ndi digiri ya PhD kapena amene akuphunzitsa kale pa yunivesite, pamene ambiri a ife m'makoleji tili ndi dipuloma, digiri yoyamba, ena yachiwiri. Zimenezi zimangotiuza khomo loyenera kugogoda. Madipatimenti ena a zamaphunziro amalandira alendo amene chuma chawo ndi luso la m'kalasi ndi kuwapatsa maina ena, ndipo alendo ena amalowa kudzera m'mgwirizano wa koleji yawo ndi yunivesiteyo. Tiwerenge bwino malamulo a yunivesite imene tasankha, ndipo ngati sitikukwanira pa dzina limodzi tifunse ngati pali lina lotiyenera. Kudzikweza pa pepala kumaululika msanga, chifukwa adzafuna kuona masatifiketi.

Funso limene tikupita nalo

Pempho lolimba limayamba ndi funso limodzi lochokera m'kalasi. Mau akuti "ndikufuna kukaonjezera nzeru" kapena "ndikufuna kukaona njira zamakono zophunzitsira" sauza wolandira chimene adzachite nafe tikafika, motero iye sapeza poyambira kuyankha.

Tiyeni titenge vuto limene mphunzitsi aliyense wa pulaimale amalidziwa. Mu 1996 Unduna wa Maphunziro udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo, ndipo kuyambira Sitandade 5 aziphunzira m'Chingerezi. Lamulo la Maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira, koma ife amene timayendera ophunzira athu pa nthawi yoyeserera kuphunzitsa timadziwa kuti m'makalasi a m'munsi mphunzitsi amayenda ndi zilankhulo ziwiri tsiku ndi tsiku. Mwana amene amayankha molimba mtima m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka amatseka pakamwa phunziro la sayansi likatembenukira ku Chingerezi. Funso lathu tsono lingakhale ili: kodi mphunzitsi amachita chiyani, sitepe ndi sitepe, posamutsa mwana kuchoka ku chilankhulo chimodzi chophunzirira kupita ku china, mwanayo osataya zimene adadziwa kale? Nanga koleji imamukonzekeretsa bwanji mphunzitsi ameneyu?

Funso limeneli lili ndi abale ake ku Scotland. Mu 1985 makalasi oyamba a pulaimale ophunzitsa m'chilankhulo cha Gaelic adatsegulidwa ku Glasgow ndi ku Inverness. Ana a m'makalasi otere amaphunzira zonse m'Gaelic pa zaka zawo zoyamba, ndipo Chingerezi chimalowa pang'onopang'ono pambuyo pake. Wopempha wanzeru adzaonetsa kuti waonanso kusiyana kwake. Ana ambiri a kumeneko amachokera m'makomo olankhula Chingerezi, makolo awo adasankha okha Gaelic, ndipo makalasi awo ndi ang'onoang'ono. Kuno mwana wa kumudzi amakumana ndi Chingerezi kusukulu kokha, m'kalasi imene nthawi zina imakhala ndi ana oposa 100. Choncho sitikupita kukatengera njira yawo yonse monga ilili, tikupita kukaona zidutswa zimene zingagwire ntchito kuno: m'mene amalowetsera mau atsopano a phunziro, m'mene amayesera ngati mwana wamvetsa, ndi m'mene amaphunzitsira aphunzitsi kuchita zimenezi.

Kusiyana kumeneku ndikonso mphatso imene tikupita nayo. Akale adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Chiyambire 1994, pamene maphunziro aulere a pulaimale adakweza chiwerengero cha ana kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, aphunzitsi a kuno aphunzira kuphunzitsa khamu la ana ndi timagulu, nyimbo, makadi odzipangira ndi zipangizo zopezeka pamalo zimene timazitcha TALULAR. Pulofesa wa ku Edinburgh angakhale atawerenga za zimenezi, koma mwina sadaimepo pamaso pa ana 100 ali ndi choko chimodzi m'manja. Tiziike m'pempho lathu mosachita nazo manyazi.

Kupeza wotilandira

Pempho la mlendo limayamba kwa mphunzitsi mmodzi, chifukwa m'mayunivesite ambiri ofesi siyang'ana fomu imene ilibe dzina la wolandira. Ku Scotland tingayambe kufufuza pa Moray House, pamene akhala akusula aphunzitsi kuyambira 1848 ndipo padakhala mbali ya University of Edinburgh mu 1998. Pa University of Strathclyde ku Glasgow, imene koleji ya aphunzitsi ya Jordanhill idalowamo mu 1993. Kapena pa Sabhal Mòr Ostaig pa chilumba cha Skye, koleji imene idayamba mu 1973 ndipo imaphunzitsa m'Gaelic mogwirizana ndi University of the Highlands and Islands.

Yunivesite iliyonse imaika pa intaneti maina a aphunzitsi ake ndi zimene amafufuza. Tisankhepo awiri kapena atatu amene ntchito yawo ikukhudza funso lathu, ndipo tiwerenge nkhani imodzi ya aliyense kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Ntchito imeneyi ingatenge mwezi wathunthu, koma ndiyo imasiyanitsa kalata yoyankhidwa ndi yosayankhidwa. Tifunsenso anzathu a ku University of Malawi ku Zomba kapena a ku Malawi Institute of Education ku Domasi amene adaphunzirako kunja, ndi mabungwe olumikizitsa maiko awiriwa, Malawi Scotland Partnership kuno ndi Scotland Malawi Partnership ku Edinburgh. Safunsa adadya phula. Kalata yotsagana ndi dzina la munthu amene wolandirayo amamudziwa imawerengedwa ndi maso ena.

Tilembere munthu mmodzi pa nthawi imodzi. Amene amatumiza kalata yomweyo kwa aphunzitsi 10 a dipatimenti imodzi amaiwala kuti anthuwo amamwera tiyi malo amodzi.

Kalata yoyamba

Kalata imeneyi imalembedwa m'Chingerezi, imapita pa imelo, ndipo isapitirire tsamba limodzi. Mutu wake unene zonse m'mau ochepa: kuti tikufunsa za malo a mlendo, miyezi yake, ndi kumene tikuchokera. Timutchule munthuyo ndi udindo wake woona, Dr kapena Professor, ndi dzina la bambo lolembedwa molondola. Mwambo wathu wa moni wautali ndi wabwino pakhomo, koma m'kalata yotere ulemu umaonekera m'kusamutayitsa munthu nthawi.

Ndime yoyamba inene kuti ndife yani, tikuphunzitsa chiyani, pa koleji iti, ndipo tikupempha chiyani. Ndime yachiwiri ifotokoze funso lathu ndi kumene lachokera. Mwachitsanzo, tikaiika m'Chichewa ingamveke motere: "Kwa zaka 6 ndayendera ophunzira anga m'masukulu a kumudzi pa nthawi yoyeserera kuphunzitsa. Ndaona kuti akafika pa phunziro la sayansi m'Sitandade 5 ambiri amangomasulira chiganizo chilichonse m'Chichewa, ndipo ana amalemba mau a Chingerezi amene sangathe kuwagwiritsa ntchito. Ndikufuna kukonza gawo la maphunziro a pa koleji lothandiza ophunzirawa pa vuto limeneli." Ndime yachitatu inene chifukwa chimene tasankhira munthu ameneyu, potchula nkhani yake imene tidawerenga ndi mfundo imodzi imene idatigwira mtima kapena imene tikuikayikira, kenaka zimene ifenso tingapereke, monga kulankhula kwa ophunzira ake za kaphunzitsidwe ka makalasi akuluakulu. Ndime yachinayi inene miyezi imene tikufuna, kumene tikuyembekeza kupeza ndalama, ndi kuti mbiri yathu ya maphunziro ndi ntchito taiphatika.

Tisalembe za umphawi wa dziko lathu pofuna kumvetsa chisoni, ndipo tisapemphe ndalama m'kalata yoyamba. Masiku ano pali mapulogalamu a pa kompyuta amene amalembera munthu kalata yosalala. Angathandize kukonza galamala, koma sadziwa ana a m'kalasi mwathu, ndipo kalata yosalala yopanda fungo la choko imafanana ndi zinzake zambirimbiri zimene pulofesa amalandira. Pakapita masabata atatu osayankhidwa tikumbutse kamodzi mwaulemu, ndipo pakapitanso masabata awiri tilembere wachiwiri pa mndandanda wathu.

Mapepala otsatira

Wolandira akavomera, dipatimenti idzatitumizira fomu yake ndipo idzafuna mapepala angapo. Loyamba ndi mbiri ya maphunziro ndi ntchito, imene ambiri timaitcha CV: masamba awiri kapena atatu, zatsopano pamwamba, zaka zake zosasemphana ndi za pa masatifiketi. Amene sitidasindikizepo nkhani m'magazini a kafukufuku tilembe zimene tidachitadi, monga mabuku a ophunzira amene tidathandiza kulemba, maphunziro a aphunzitsi amene tidatsogolera, ndi nkhani zathu za m'magazini ngati ino.

Pepala lachiwiri ndi ndondomeko ya ntchito. Ifotokoze funso, chifukwa chimene funsolo likufunira malo amenewo, zimene tidzachite mwezi ndi mwezi, ndi chimene chidzatsale ulendowo ukatha. Pa miyezi itatu tingaike mwezi woyamba wowerenga ndi kukhala nawo m'makalasi a ophunzira zauphunzitsi, wachiwiri woonerera maphunziro m'masukulu awiri kapena atatu, ndi wachitatu wolemba gawo la maphunziro limene tidzaphunzitse kuno. Ndondomeko yolonjeza buku lathunthu m'miyezi itatu imaonetsa kuti wolembayo sadziwa kulemera kwa ntchitoyo.

Padzafunikanso makalata a anthu awiri otichitira umboni, amene adaona ntchito yathu ndi maso awo. Tiwapatse ndondomeko yathu ndi nthawi yokwanira. Padzafunika kalata ya Pulinsipolo yotsimikiza kuti tili pa ntchito, kuti koleji ikugwirizana ndi ulendowu, ndi kuti malo athu akutidikira. Ena amafuna umboni wa Chingerezi monga mayeso a IELTS, amene zotsatira zake zimalandiridwa kwa zaka ziwiri.

Pali mbali ina imene ambiri amaiiwala. Masukulu a boma ku Scotland ali m'manja mwa makhonsolo 32, ndipo mlendo salowa m'kalasi ya ana popanda chilolezo cha mphunzitsi wamkulu ndiponso, kawirikawiri, cha khonsolo. Angafune kalata ya apolisi a kuno yotsimikiza kuti tilibe mlandu. Ngati tidzafunsa mafunso kwa aphunzitsi kapena ana ndi cholinga chosindikiza, komiti ya yunivesite yoona za chikhalidwe cha kafukufuku iyenera kuvomereza tisanayambe. Chimodzimodzinso ndi zimene tinyamule kuno: makope a ana, zithunzi ndi mau ojambulidwa m'kalasi zifunika chilolezo cha makolo ndi cha sukulu, maina atafufutidwa. M'dziko muno National Commission for Science and Technology ndiyo imayang'anira makomiti ovomereza kafukufuku.

Ndalama

Tiwerengere zonse: ndege, viza, nyumba, chakudya, maulendo a kusukulu, inshuwalansi ya zaumoyo, ndalama ya malo, ndi zovala zotentha, pakuti mu Disembala ku Edinburgh dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane ndipo kumazizira koposa Dedza mu Julayi. Tiwerengere m'mapaundi, osati m'makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa mphamvu ndi 44 pa 100 alionse tsiku limodzi, ndipo bajeti iliyonse yolembedwa m'makwacha idasanduka pepala chabe.

Malipiro a mphunzitsi sangakwanitse ulendo wotere, motero tifunika wotithandiza. Commonwealth Scholarship Commission, bungwe limene lidakhazikitsidwa ku Britain mu 1959, kuonjezera pa maphunziro a digiri lakhala likuperekanso mwayi wa miyezi yochepa kwa anthu amene ali kale pa ntchito. Mayunivesite ena ali ndi timathumba tawo toitanira alendo a ku Africa, ndipo wolandira ndiye amadziwa bwino za timeneti. Amene sadakwanitse zaka 35 ndipo aphunzitsa zaka 5 aganizirenso za mwayi wa boma la Japan wa miyezi 18, woperekedwa kudzera ku ofesi ya kazembe kwa aphunzitsi a pulaimale, a sekondale ndi a m'makoleji a zauphunzitsi. Pulogalamu ya Fulbright ya ku America, imene idayamba mu 1946, ndi yodziwika kwambiri, koma mu 2025 boma la America lidakhwimitsa malamulo a viza kwa nzika za Malawi ndi Zambia. Izi zikutiphunzitsa kuti malamulo a chaka chatha si a chaka chino, ndipo tiwerenge atsopano nthawi zonse kwa eni ake.

Tichenjere ndi achinyengo. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Yunivesite yoona siigulitsa kalata yoitanira, ndipo siiuza munthu kutumiza ndalama ku nambala ya foni kapena ku akaunti ya munthu. Maimelo a mayunivesite a ku Britain amathera ndi ac.uk. Tikakayika, tilembere ofesi ya dipatimentiyo pa adiresi imene tadzipezera tokha.

Chilolezo cha kuno ndi viza

Ife amene tili pa ntchito ya boma sitingachoke popanda tchuthi chovomerezeka. Pempho limadzera kwa Pulinsipolo kupita ku Unduna, ndipo kawirikawiri wopatsidwa tchuthi cha maphunziro amasainira pangano loti adzabwerera kudzagwira ntchito. Timuuze Pulinsipolo kuyambira pachiyambi, kalata yoitanira isanabwere, chifukwa iye ndiye adzafune wophunzitsa makalasi athu ndi woyendera ophunzira athu m'masukulu. Ulendo umene wasiya ophunzira opanda mphunzitsi teremu yonse wayamba ndi ngongole.

Nzika ya Malawi ifunika viza polowa m'Britain. Viza ya mlendo, imene amaitcha Standard Visitor, imalola kukhala mpaka miyezi 6, ndipo wamaphunziro wodziwa bwino ntchito yake amene akugwira ntchito pa yunivesite kapena koleji ya kwawo angapemphe mpaka miyezi 12 kuti achite kafukufuku wake. Wokhala kopitirira miyezi 6 ayenera kupimidwa chifuwa chachikulu ku chipatala chovomerezedwa ndi boma la Britain. Pempho siliperekedwa miyezi itatu isanatsale kuti tinyamuke. Viza imeneyi siilola kulowa ntchito, ndipo ngati yunivesite idzatigwiritsa ntchito pa kafukufuku wake pafunika viza ya mtundu wina; ofesi ya yunivesite yoona za alendo idzatiuza woyenera. Oona mapemphowa amafuna kukhutira pa zinthu ziwiri, kuti ndalama zilipo ndi kuti tidzabwerera. Kalata yoitanira, kalata ya tchuthi ndi kalata ya wotilipirira zinene masiku ofanana ndi ndalama zofanana.

Kuwerenga nthawi chobwerera m'mbuyo

Masukulu a ku Scotland amatsekera kumapeto kwa Juni ndi kutsegulira pakati pa Ogasiti, ndipo mayunivesite amayamba mu Seputembala. Amene akufuna kuona ana m'kalasi ndi kukumana ndi ophunzira zauphunzitsi asankhe Seputembala mpaka Novembala, kapena Januwale mpaka Malichi. Wofika mu Julayi adzapeza zitseko zotseka. Tinene kuti tasankha Seputembala. Viza tidzapempha mu Juni. Kalata yoitanira, tchuthi ndi lonjezo la ndalama zikhale m'manja pofika Meyi. Mabungwe othandiza amatseka kulandira mapempho miyezi yambiri nthawi imeneyi isanafike, ndipo ambiri amafuna kuti wolandira akhale atapezeka kale. Choncho kalata yoyamba ichoke mu Seputembala wa chaka cham'mbuyo, ndipo kuwerenga kuyambe isanachoke. Pasipoti tiione tsiku lomwelo limene ganizoli labwera.

Tili kumeneko ndi pobwerera

Akale adati ukayenda siya phazi. Tisunge nthawi, tichite zimene tidalonjeza m'ndondomeko, tilembe zimene taona tsiku lililonse zisanazilale, ndipo tibwerere pa tsiku lake. Mlendo mmodzi amene wazembera komweko amatsekera khomo anzake onse a pa koleji yake, pamene wobwerera bwino amasiya njira yopondedwa. Pofika kuno tipereke lipoti kwa Pulinsipolo ndi kwa wotilipirira, tifotokozere aphunzitsi anzathu pa msonkhano wa dipatimenti, ndipo koposa zonse tiyese zimene tabwera nazo pa sukulu yoyeserera ya koleji, ndi ana enieni ndi chiwerengero chawo chenicheni. Zina zidzakanika, ndipo kukanika kwakeko tikulembe ndi kumutumizira wotilandira uja, pakuti nayenso aphunzirapo. Muyeso wa ulendo wonsewu ndi mwana wa Sitandade 5 amene wakweza dzanja pa phunziro la sayansi.

Phunziro la m'kalasi

Ophunzira athu sapita kunja posachedwa, koma luso lopempha malo adzalifuna moyo wawo wonse. Phunziro ili lingatenge mapiriyodi awiri.

Cholinga: pomaliza phunziroli wophunzira athe kusandutsa vuto la m'kalasi kukhala funso limodzi lomveka, ndi kulemba kalata ya ndime zinayi yopempha kukaonerera ntchito kwa sabata imodzi pa malo oyenera funsolo, monga pa sukulu yoyandikana nayo kapena pa koleji ya Montfort ku Chiradzulu imene imasula aphunzitsi a ana a zosowa zapadera.

1. Ophunzira akhale m'timagulu ta anthu anayi, ndipo aliyense atchule vuto limodzi limene adakumana nalo poyeserera kuphunzitsa.

2. Gulu lithandize aliyense kuchepetsa vuto lake mpaka likwane m'chiganizo chimodzi chothera ndi chizindikiro cha funso. Mphunzitsi akane mafunso onga "ndingaphunzitse bwanji bwino?" kufikira wophunzira atatchula kalasi, phunziro ndi chimene ana akulephera.

3. Mphunzitsi alembe pa bolodi makalata awiri ongopeka, ina yodzaza ndi moni ndi madandaulo, ina yotsata ndime zinayi zija. Ophunzira anene imene akadayankha iwo akadakhala wolandira, ndi chifukwa chake.

4. Aliyense alembe kalata yake, poyamba m'Chichewa kuti maganizo aongoke, kenaka m'Chingerezi.

5. Asinthane makalata. Wowerenga ayankhe mafunso anayi osafunsa mwini kalata: akupempha ndani, akufuna chiyani, chifukwa chiyani wasankha malo amenewo, ndipo adzabwera liti. Funso limene lasowa yankho likuonetsa ndime yofunika kuilembanso.

Mafunso okambirana

1. Fotokozani kusiyana kwa mlendo wamaphunziro ndi wophunzira wa digiri pa mayeso, malipiro ndi njira yofunsira malo.

2. Kodi ndi zinthu ziti za m'makalasi a Gaelic zimene zingathandize mphunzitsi wa Sitandade 5 kuno, ndipo ndi ziti zimene sizingatheke? Perekani zifukwa.

3. Mphunzitsi akufuna kukafika ku Glasgow mu Januwale. Lembani kalendala yake chobwerera m'mbuyo kufikira tsiku lolemba kalata yoyamba.

4. Mlendo wochokera ku yunivesite ya kunja atalembera koleji yathu kupempha kudzakhala nafe miyezi itatu, tingafune kuti kalata yake inene chiyani tisanamuvomere?